Kubzala ndi Kusamalira Kanjedza wa Masamba a Chikhatho M'nyumba ku Dedza

1.0 Chiyambi

M'chaka cha 2021 agogo anga aakazi anachoka ku Mtakataka kudzakhala nafe kufupi ndi tauni ya Dedza chifukwa miyendo inali itayamba kuwavuta. Malo awiriwa ali m'boma limodzi, koma munthu wochokera kuchigwa akafika kumtunda amakhala ngati walowa dziko lina. Agogo anakulira pakati pa migwalangwa. Moyo wawo wonse ankaluka mikeka ya mlaza, ndipo ndalama za mikekayo ndi zimene zinaphunzitsa mayi anga. Atafika kwathu sanadandaule za ndiwo kapena za pogona. Chimene ankabwereza ndi chakuti akasuzumira panja amangoona paini ndi bulugamu basi.

Ine ndinaganiza zowabweretsera mgwalangwa pafupi. Mu Malichi 2022 ndinatenga nthanga zinayi ku Mtakataka, ndinazikwirira m'chitini cha penti ndi kuika chitinicho pawindo la kuchipinda kwawo. Ndinathirira miyezi itatu popanda chotuluka. Mu Juni mtima unakana, ndipo ndinakhuthula dothi lonse. Nthanga ziwiri zinali zitatulutsa chinthu choyera chonga chala, chimene chinalunjika pansi, chinagunda chitini, chinapindika n'kuola. Agogo anaseka nati, "Iwe mdzukulu wanga, unamva kuti mgwalangwa umagona m'chitini? Umenewu umayamba wapita pansi usanaonekere kumwamba."

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza momwe munthu wa kumalo ozizira ngati Dedza angabzalire ndi kusamalira m'nyumba mtengo wa banja limeneli. Mfundo yaikulu ndi yakuti chisamaliro chimayamba ndi kudziwa dzina lenileni la chomera ndiponso kwawo kwa chomeracho. Tiyamba ndi mayina, kenaka tiona mitundu yoyenera, kabzalidwe ndi kasamalidwe.

2.0 Mayina a mitengoyi m'Chichewa

Banja la mitengo imeneyi lili ndi mitundu yoposa 2,500 padziko lonse. Njira yapafupi yoisiyanitsira ndi kuona masamba. Ina ili ndi masamba onga nthenga ya nkhuku: msana umodzi wautali, timasamba n'kumatuluka uku ndi uku. Ina ili ndi masamba onga chikhatho chotambasula: timasamba tonse timayambira pamodzi n'kumwazikana ngati zala. Nkhani ino ikukamba za gulu lachiwirili. N'zochititsa chidwi kuti m'Chilatini mawu akuti palma ankatanthauza chikhatho cha munthu komanso mtengo womwewu.

Chichewa chili ndi mayina osiyana pa mitundu ya kuno kwathu. M'gulu la masamba a nthenga muli kanjedza, amene akatswiri a zomera amamutcha Phoenix reclinata, ndi chiwale, chimene ndi Raphia farinifera. M'gulu la masamba a chikhatho muli mvumo, umene ndi Borassus aethiopum, ndi mgwalangwa, umene uli m'gulu la Hyphaene. Mtundu wina wa mgwalangwa umatchedwa Hyphaene petersiana pokumbukira Wilhelm Peters, katswiri wa ku Germany amene anasonkhanitsa zomera ndi zinyama ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840. Masamba anthete a mgwalangwa ali ndi dzina lawolawo, mlaza, chifukwa ndiwo amene anthu amalukira mikeka, zipewa ndi masache.

Wophunzira chiyankhulo aona kuti mvumo, mgwalangwa ndi mlaza ali m'gulu la mayina la mu-mi, pamene kanjedza amatenga agwirizanitsi ngati a dzina la munthu. Timati "mgwalangwa wauma, sunabereke," koma "kanjedza wauma, sanabereke." Aonanso kuti tanthauzo la mawu akuti kanjedza lakula. Omasulira Baibulo anagwiritsa ntchito dzinali pa mtengo wa ku Palestine, ndipo Akhristu amakumbukira Lamulungu la Kanjedza chaka chilichonse. Ku Blantyre kulinso dera lotchedwa Kanjedza. Motero mwana wokulira m'tauni amatcha kanjedza mtengo uliwonse wa banjali. M'nkhani ino nanenso ndigwiritsa ntchito dzinali mwa njira yotambasukayi pokamba za mitundu yakunja, popeza ilibe mayina a Chichewa. Komabe kukula kwa tanthauzoku kuli ndi vuto lake. Dzina limodzi likaphimba mitundu yambiri, munthu amayesa kuti yonse imafuna zofanana. Cholakwa changa chinayambira pamenepa.

3.0 Chifukwa chake mgwalangwa ndi mvumo sizikhala mumphika

Mgwalangwa ndi mvumo ndi mitengo ya kumalo otsika ndi otentha, monga m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire. Amene anapitapo ku Liwonde National Park anaiona itandandalika m'mbali mwa mtsinje. Mvumo umatalika kuposa mamita 20, ndipo ukakula thunthu lake limatupa chapamwamba. Zipatso za mitengo iwiriyi njovu zimazikonda, ndipo zimathandiza kumwaza nthanga zake.

Kameredwe kake n'kosiyana ndi ka chimanga kapena nyemba. Nthanga imayamba yatulutsa phesi limene limaboola nthaka kulowera pansi litanyamula kamwana ka mtengo kunsonga kwake. Pa mvumo phesili likhoza kuzama mpaka mita imodzi. Likafika pakuya m'pamene mizu imayamba, ndipo tsamba loyamba limakwera kuchokera pansipo. Njira imeneyi imateteza mbewu ku moto wolusa ndi ku chilala. Chinthu chonga chala chimene ndinachipeza m'chitini chija chinali phesi limeneli. Linasowa kolowera, ndipo dothi lonyowa ndi lozizira la mu Juni linamaliza ntchito. Kuwonjezera apo, mitengo iwiriyi imafuna dzuwa la tsiku lonse ndipo siilola kuzulidwa n'kukaokedwa kwina. Choncho malo ake ndi kumunda wa kuchigwa.

4.0 Nyengo ya ku Dedza ndi mitundu yoyenera

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita osakwana 500. Munthu akamakwera, mpweya umazizirirapo ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Ichi ndicho chifukwa chake wokwera msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti amayamba ulendo atavula jekete n'kukafika pamwamba atavala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku ku Dedza kumazizira mpaka kutsika pa madigiri 10, ndipo zaka zina chisanu chimawaula mbewu m'madambo.

Pali mitundu itatu ya kanjedza wa masamba a chikhatho imene imabzalidwa m'miphika m'maiko ambiri. Yonse ndi yakunja.

Woyamba ndi Licuala grandis, wochokera ku zilumba za Vanuatu m'nyanja ya Pacific. Tsamba lake ndi lozungulira ngati lichero ndipo lili ndi mapindo ngati siketi ya yunifomu. Kwawo amamera mumthunzi wa nkhalango yotentha ndi yachinyontho chaka chonse. Sakondwa kutentha kukatsika pa madigiri 15. Ndi wokongola kuposa enawo, koma ku Dedza ndiye wovuta kwambiri.

Wachiwiri ndi Livistona chinensis, wa kummwera kwa China, Taiwan ndi kummwera kwa Japan. Mmalawi akamva dzinali amaganiza za David Livingstone, koma silikukhudzana naye. Robert Brown anapereka dzina la Livistona mu 1810 pokumbukira Patrick Murray wa ku Livingston ku Scotland, amene zomera zake zinathandiza kuyambitsa munda wa zomera wa ku Edinburgh. Kanjedza ameneyu amapirira kuzizira, koma amafuna kuwala kwambiri, mapesi ake amakhala ndi minga, ndipo pakapita zaka amakula kuposa chipinda.

Wachitatu ndi Rhapis excelsa, wa kummwera kwa China ndi kumpoto kwa Vietnam. Amamera mwa tsinde ngati nsungwi, timitengo tambiri topyapyala kuchokera pansi. Tsamba lake ndi logawikana ngati zala zenizeni. Amalola mthunzi, amapirira kuzizira kufikira pafupi ndi madigiri 0, ndipo amachulukitsidwa popatula ana ake. Kwa munthu wa ku Dedza, Bembeke kapena Linthipe amene akuyamba kumene, uyu ndiye woyenera. Ndi amene ndinagula mu Okutobala 2022 kwa mayi wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe. Mayiwo ankangomutcha kanjedza, ndipo dzina lenileni ndinalipeza poyerekeza masamba ndi zithunzi za m'mabuku a zomera. Ogula afunika kuchita chimodzimodzi asanalipire.

5.0 Kabzalidwe

5.1 Mphika

Mphika uyenera kukhala ndi chiboo pansi. Popanda chiboo madzi amadikha, mizu imasowa mpweya n'kuola. Mphika wadothi wosapakidwa zonyezimira ndi wabwino kumalo ozizira chifukwa umatuluka thukuta ndipo dothi limauma msanga. Ku Dedza miphika siisowa: amayi oumba mbiya alipo m'midzi, ndiponso pali Dedza Pottery imene inayamba mu 1987. Pouza woumba, nenani kuti aboole pansi mphika usanaotchedwe. Ndowa yakale yapulasitiki nayonso imagwira ntchito mukaiboola ndi msomali wamoto malo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mphika usakule kwambiri kuposa mizu. Mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuzungulira mizu ndi wokwanira, chifukwa dothi lochuluka limasunga madzi amene mizu singamwe.

5.2 Dothi

Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Makungwa a paini owola, amene amapezeka pamalo ochekera matabwa, amathandiza kuti dothi likhale lotakasuka. Utuchi wauwisi musaike, chifukwa pamene ukuwola umalanda chakudya cha mbewu ndipo masamba amachita chikasu. Dothi la pachulu ndi makande a kudambo musagwiritse ntchito, popeza zimagwirana ngati njerwa. Pachiboo vundikirani kaphale kamodzi kuti dothi lisatuluke. Anthu ambiri amayala miyala pansi pa mphika poganiza kuti madzi atuluka bwino, koma miyalayo imangochepetsa malo a mizu.

5.3 Kuoka

Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala, kukayamba kutentha. Tulutsani mbewu m'chubu mosagwedeza mizu. Ikani mumphika pa msinkhu womwe inali, osazamitsa tsinde. Thirani dothi m'mbali, tsinderani pang'ono ndi zala, ndipo thirirani mpaka madzi atuluke pansi. Ngati mukupatula mwana wa Rhapis, sankhani amene ali ndi mizu yakeyake, dulani msempha womulumikiza kwa make ndi mpeni wakuthwa, ndipo musungeni pamthunzi milungu ingapo.

6.0 Kasamalidwe

6.1 Kuwala

Rhapis ndi Licuala ndi zomera za mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Zimafuna kuwala koma osati dzuwa loswa mtengo. Windo loyang'ana kum'mawa ndi labwino. Dzuwa la masana la mu Okutobala likadutsa pagalasi limawaula masamba, ndipo pamatsala zipsera zotuwa zimene sizichira. Chipinda chimene simungawerengemo buku masana popanda nyali ndi chamdima kwambiri. Tembenuzani mphika pang'ono mlungu uliwonse kuti mtengo usapendamire mbali imodzi.

6.2 Madzi

Kanjedza wa mumphika amafa kawirikawiri ndi madzi ochuluka kusiyana ndi ludzu. Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Ngati ndi pouma, thirirani mokwanira kufikira madzi atuluke pansi, ndipo tayani amene atsalira m'mbale yolandirira. Ngati pali chinyontho, dikirani. Kwathu ndimathirira kawiri pa mlungu mu Okutobala, koma mu Juni ndi Julayi pamatha masiku khumi kapena kupitirira. M'nyengo yozizira mbewu imaleka kukula ndipo imamwa pang'ono. Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka, ndi madzi amene agona m'nyumba, osati otunga kumene m'bandakucha. Madzi a mvula ndi abwino koposa chifukwa alibe mchere umene umaumitsa nsonga za masamba. Licuala yekha ndiye safuna kuti dothi liume konse.

6.3 Kuzizira ndi kuuma kwa mpweya

Nyumba ya malata yopanda siling'i imatentha masana n'kuzizira kwambiri usiku. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chotsani mphika pawindo dzuwa likalowa ndi kuuika pakati pa chipinda. Simenti imazizira, choncho ikani mphika pa thabwa kapena pa mpando. Pewani pakhomo pamene mphepo ya mwera imalowera. Amene ali ndi Licuala amufunditse nsalu yopepuka usiku wozizira kwambiri.

Mbaula si yankho. Moto wa makala umaumitsa mpweya ndipo masamba oyandikira amapsa. Choopsa kwambiri n'chakuti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Palibe duwa loyenera kuika moyo wa munthu pachiswe chotere.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mpweya umauma ndipo fumbi limachuluka. Pukutani masamba ndi kansalu konyowa kamodzi pa milungu iwiri. Ena amapaka mafuta ophikira kuti masamba anyezimire, koma mafutawo amakola fumbi ndi kutseka timaboo topumira. Kuika miphika ingapo pamodzi kumathandiza kusunga chinyontho. Mvula yowaza ikamagwa mu Disembala kapena Januwale, tulutsani mphika panja kwa maola ochepa kuti usambe.

6.4 Feteleza

Kanjedza amakula pang'onopang'ono, choncho amadya pang'ono. Feteleza wa Urea ali ndi nayitrogeni yekha ndipo amaotcha mizu mumphika. Mitengo ya banjali imafuna potaziyamu ndi maginiziyamu. Zikasowa, masamba akale apansi amachita madontho achikasu kapena chikasu cha m'mphepete. Feteleza wa D Compound, amene alimi a mbatatesi amamudziwa, ali ndi potaziyamu. Theka la supuni yaing'ono pa mphika wa kukula kwa ndowa, kawiri kapena katatu pakati pa Okutobala ndi Malichi, n'lokwanira. Mwazani m'mphepete mwa mphika dothi lili lonyowa. Wopanda feteleza angathe kuchotsa dothi la pamwamba chaka chilichonse ndi kuikapo manyowa owolerana. M'miyezi yozizira musathire kanthu. Mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi, tsanulirani madzi ambiri kuti atsuke mphika.

6.5 Tizilombo

Adani aakulu ndi atatu. Akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa, amakonda nyengo youma. Amakhala kunsi kwa tsamba ndipo amalichititsa timadontho totuwa. Pali tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timene timabisala m'mphanda za mapesi. Palinso tina tonga timamba ta nsomba timene timamatirira osayenda. Onsewa amayamwa madzi a mbewu. Sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira wa mtanda m'lita imodzi ya madzi, pukutani masamba mbali zonse ziwiri, ndipo tsukuluzani ndi madzi oyera. Bwerezani mlungu uliwonse katatu. Mankhwala opopera tomato musawabweretse m'chipinda chogona anthu.

6.6 Kudulira

Kanjedza ndi mbale wake wa chimanga ndi nsungwi kusiyana ndi mango kapena mbawa. Thunthu lililonse lili ndi mtima umodzi wokha, pansonga pamene pamatuluka tsamba latsopano longa mkondo. Mtimawo ukadulidwa kapena kuola, thunthulo latha, siliphukanso nthambi. Ogoma uchema amadziwa zimenezi, chifukwa mgwalangwa umene ausenda nsonga mobwerezabwereza umauma. Choncho musadule pamwamba pofuna kufupikitsa mtengo. Dulani masamba okhawo amene auma kotheratu. Tsamba lachikasu lisiyeni kaye, popeza mtengo umakhala ukutengamo chakudya kupititsa ku masamba atsopano. Nsonga zouma mungazimete ndi sizasi, koma funsani chayambitsa: mpweya wouma, feteleza wochuluka kapena ludzu.

6.7 Kusintha mphika

Mitengoyi siikonda kusunthidwasunthidwa. Sinthani mphika pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mizu ikayamba kutulukira pachiboo. Mphika watsopano ungokulirapo pang'ono.

7.0 Mawu omaliza

Taona kuti dzina lakuti kanjedza likuphimba mitengo yosiyana kwambiri pa zofuna zake. Mgwalangwa ndi mvumo zimafuna nthaka yakuya ndi dzuwa la kuchigwa. Licuala amafuna kutentha kumene Dedza alibe m'miyezi ya chisanu. Rhapis amakhutira ndi mphika woboola, dothi lotakasuka, windo la kum'mawa ndi madzi oyesa ndi chala. Ophunzira chiyankhulo tili ndi ntchito pamenepa. Tikalola kuti mayina monga mvumo, mgwalangwa, mlaza ndi chiwale amezedwe ndi dzina limodzi, nzeru za kameredwe ndi ntchito za mtengo uliwonse zidzapita nawo limodzi. Zimene agogo anandiuza m'chiganizo chimodzi ndinadzazipeza m'mabuku patapita miyezi.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Rhapis wa kuchipinda kwa agogo anabwera ndi timitengo tiwiri mu 2022, ndipo pofika mu 2025 anali ndi tisanu. Wadutsa nyengo zozizira zitatu popanda kufota. Pamene ndili kusukulu, agogo ndiwo amapisa chala m'dothi ndi kuuza mlongo wanga kuti achotse mphika pawindo madzulo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati mtengowo ukuwakumbutsa kwawo. Anagwira tsamba limodzi, analipinda, nati, "Mlaza si umenewu, mwanawe. Sungaluke nawo mkeka. Koma dzanja lake ndi lomwe lija." Nthanga ziwiri zimene zinatsala m'chitini muja ndinakazikwirira kumunda wa amalume ku Mtakataka. Imodzi inamera, ndipo chaka chino ili ndi masamba atatu.